Kalulu sananame: mbiri ya nyama za mu labotale ndi vavu ya mtima

Pepani ndinasowa, mukudziwa kale mmene zochonga zimatipanira teremu ikamatha. Nkhani ya lero ndi yaitali, choncho amene muli ndi tiyi thiranitu.

Amene tinakumana mu Fomu 3 mukukumbukira tsiku la mtima wa mbuzi. Ndimalawirira kumsika kukapempha wogulitsa nyama kuti andisungire mtima wosadula mitsempha, ndipo m'kalasi timathira madzi mu mtsempha waukulu uja wa aorta kuchokera kumtunda. Madziwo salowa mumtima. Tizikopa titatu topyapyala timadzaza ngati timatumba, timakumana pakati, njira n'kutsekeka. Imeneyo ndiye vavu ya aorta. Ana akatha kudabwa, ena atabwerako kukhomo kumene anathawira, ine ndimanena mawu amene ndanena zaka zambiri osawaganizira: "Wa munthu ndi chimodzimodzi." Patchuthi chapitachi ndinakhalira kuwerenga mbiri ya matenda a vavu imeneyi, ndipo ndapeza kuti mawu akuti "chimodzimodzi" adya zaka ndi ndalama za anthu ophunzira kuposa ine kutalitali.

Tiyambe ndi matendawo. Vavu ya aorta ndi khomo limene magazi amatulukira pochoka mumtima kupita m'thupi lonse. Imatseguka ndi kutseka pafupifupi ka 100,000 patsiku. Mwa munthu wamkulu wathanzi khomolo limakhala la masikweya sentimita 3 mpaka 4. Mwa anthu ena, makamaka achikulire, tizikopa tija timakhuthala, timauma, timagwira timiyala ta kashiamu ngati zoyera zija zimakanirira m'ketulo yowiritsira madzi a pamjigo, mpaka khomo limatsala losakwana sikweya sentimita imodzi. Mtima umakankha magazi movutikira, minofu yake imakhuthala, kenako umatopa. Munthu amachita befu pa kamtunda kakang'ono, amamva kupweteka pachifuwa, nthawi zina amangokomoka. M'chaka cha 1968 madokotala awiri a ku America, John Ross ndi Eugene Braunwald, analemba kuti zizindikirozi zikayamba, wodwala wosachitidwa opaleshoni amatsala ndi zaka zapakati pa 2 ndi 5. Chimene chandilembetsa nkhaniyi n'chakuti mpaka lero palibe piritsi kapena jakisoni amene watsimikizika kuti amaletsa vavu kuuma. Thandizo lake ndi kuika vavu ina basi, ndipo kwathu kuno zimenezo nthawi zambiri zimatanthauza ulendo wakunja ndi ndalama zimene mphunzitsi amangozimva pawailesi.

Nanga nyama zikubwera bwanji? Matendawa amayenda pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena kuposerapo. Dokotala amaona vavu ya munthu m'manja mwake kumapeto kokha, pa opaleshoni kapena kumotchale. Zili ngati kufika pamalo nyumba itapsa kale n'kumafunsa kuti moto unayambira kuti. Sungang'ambe mtima wa munthu wazaka 40 kuti uone chiyambi. Nyama ungathe: uidwalitse dala, uione pa sabata yachinayi, pa yachisanu ndi chitatu, uyese mankhwala. Vuto ndi lakuti pafupifupi nyama zonse zimene timaweta mu labotale sizidwala matendawa zokha.

Poyamba panalibe ngakhale wofuna kuzidwalitsa. M'chaka cha 1904 dokotala wa ku Germany wofufuza mitembo, Johann Georg Mönckeberg, anafotokoza bwino mavavu a timiyalawa, ndipo maganizo amene anakhazikika anali akuti vavu imangotha ndi ukalamba. Ndani amafufuza chifukwa chimene khasu limathera? Limatha chifukwa cholimira. Kwa zaka pafupifupi 90 nkhani inagona pamenepo. Kalulu analowa kudzera khomo lina, la matenda a mitsempha.

Ku St Petersburg m'dziko la Russia, m'chaka cha 1908, dokotala Alexander Ignatowski anadyetsa akalulu nyama, mkaka ndi mazira, ndipo mitsempha yawo inawonongeka. Iye ankaganiza kuti olakwa ndi mapulotini. Patapita zaka zisanu, mu 1913, Nikolai Anichkov, mnyamata wosakwana zaka 30 wa pasukulu ya madokotala a asilikali mumzinda womwewo, pamodzi ndi mnzake Semen Chalatov, anachita chimene ife aphunzitsi a sayansi timalalikira tsiku ndi tsiku: kusintha chinthu chimodzi chokha. Anatenga cholesterol yekha, mafuta aja opezeka mu yolk ya dzira ndi m'magazi mwathu, anamusungunula m'mafuta a mpendadzuwa, n'kumawamwetsa akalulu. Akalulu ena anangowapatsa mafuta a mpendadzuwa opanda kanthu. Oyambawo mitsempha yawo inachita zigamba zachikasu zofanana ndi za anthu okalamba. Enawo ayi.

Mungayembekeze kuti dziko linaomba m'manja. Silinatero. Otsutsa ankati kalulu ndi wodya masamba, chibadwire sanalawepo dzira, ndiye ukamuthira mafuta ochuluka chotero n'zosadabwitsa kuti adwala. Ena anayesa zomwezo pa agalu ndi makoswe, osaona kanthu. Lero tikudziwa chifukwa chake: galu ndi khoswe amasandutsa msanga cholesterol wowonjezera kukhala ndulu n'kumutaya, choncho m'magazi mwawo sakwera kwambiri. Ine ndikawerenga mkangano umenewu ndimaona kuti mbali zonse zinali ndi mfundo. Anichkov analondola kuti cholesterol amawononga mitsempha. Otsutsa analondola kuti kalulu si munthu. Kungoti aliyense anasankha nyama yogwirizana naye.

Mkanganowu unathetsedwa pang'ono ndi kalulu mmodzi wa ku Japan. Mu 1973 dokotala wa ziweto pa yunivesite ya Kobe, Yoshio Watanabe, anapeza kalulu wamphongo amene anali ndi cholesterol wochuluka m'magazi ngakhale ankadya chakudya wamba. Munthu wina akanati makina oyezera alakwitsa. Watanabe anamusunga, n'kumaweta ana ake ndi adzukulu ake kwa zaka zingapo mpaka unakhala mtundu pawokha. Zinapezeka kuti akaluluwa ali ndi vuto lobadwa nalo lomwe lija limapezeka m'mabanja ena a anthu: maselo awo satha kukoka cholesterol wa mtundu wa LDL kuchoka m'magazi. Apa panalibenso zonena kuti mwamudyetsa zachilendo. M'zaka zomwezo Mjapani wina, Akira Endo, anapeza mu nkhungu mankhwala oyamba a gulu la statin. Atawayesa pa makoswe, cholesterol sanatsike, ndipo ntchito yonse inatsala pang'ono kutayidwa. Anaipulumutsa ndi nkhuku zoikira mazira, kenako agalu ndi anyani. Akanakhulupirira khoswe yekha, mbiri ya mankhwalawa ikanakhala ina. Pofika 1994 kafukufuku wa anthu 4,444 ku Scandinavia anaonetsa kuti statin amachepetsa imfa za matenda a mitsempha ya mtima. Kalulu wa Anichkov anapambana mlandu patatha zaka 81.

Sungani chaka chimenecho cha 1994, chifukwa ndi chomwechonso chimene vavu inadzuka kutulo. Dokotala Catherine Otto ndi anzake ku Seattle anayang'ana pa maikulosikopu mavavu a anthu amene matenda anali atangoyamba. Sanapeze khasu lotha. Anapeza mafuta olowerera pansi pa khungu la vavu, maselo a chitetezo atasonkhana, ndi timiyala tating'ono tikuyamba kumene, chithunzi chofanana kwambiri ndi cha mtsempha wodwala. Mu 1997 kafukufuku wa anthu oposa 5,000 azaka 65 kupita m'tsogolo ku America anapeza kuti mmodzi mwa anayi alionse anali ndi vavu yoyamba kukhuthala, ndipo awiri pa 100 inali itapanikizika kale. Zimene zinkayenda ndi vutoli zinali zodziwika: ukalamba, kukhala mwamuna, fodya, BP, cholesterol. Mu 2001 Emile Mohler ndi anzake anapima mavavu 347 ochotsedwa pa opaleshoni ndipo mwa amene anali ndi timiyala, mu 13 pa 100 alionse anapezamo fupa. Fupa lenileni, mumtima! Ndiye kuti kashiamu uja sangokanirira ngati wa m'ketulo ayi, chitsanzo changa chija chili ndi malire. Maselo a vavu amasintha ntchito n'kuyamba kumanga ngati maselo a fupa. Chinthu chimene maselo amoyo akuchita, mankhwala angathe kuchiletsa. Chiyembekezo chinabadwira pamenepo.

Ndipo aliyense ankadziwa nyama yoti aifunse. Mu 2002 Nalini Rajamannan ndi anzake ku America anadyetsa akalulu chakudya cha cholesterol kwa masabata 8. Mavavu awo anayamba kukhuthala, maselo akuchulukana, ndipo mapulotini omangira fupa anaoneka. Akalulu amene analandiranso atorvastatin, mmodzi wa mankhwala a statin, anali ndi zochepa kwambiri za zimenezi. Nkhani inakoma. Mankhwala analipo kale m'mafamase, madokotala ankawadziwa, ndipo mafayilo akale a odwala ankaoneka ngati akuvomereza kuti omwa statin mavavu awo amauma mochedwa. Chinatsala ndi kuyesa mwa anthu mwadongosolo, ena kuwapatsa mankhwala enieni, ena piritsi lopanda kanthu, popanda wodziwa kuti walandira chiyani.

Anayesa katatu. Ku Edinburgh, kafukufuku wotchedwa SALTIRE anatenga odwala 155 n'kuwatsatira zaka ziwiri. Zotsatira zinatuluka mu 2005: cholesterol anatsika kupitirira theka, vavu inapitiriza kuuma pa liwiro lomwelo. Anthu anati odwalawo anali ochepa ndipo matenda anali atapita kale patali. Ndiye kunabwera SEAS, wa odwala 1,873 a m'maiko a kumpoto kwa Ulaya, amene matenda awo anali asanafike poipa, otsatiridwa zaka zoposa zinayi. Mu 2008 yankho linali lomwelo. Mitsempha ya mtima inapindula, koma chiwerengero cha ofunika vavu yatsopano sichinasinthe. Mu 2010 a ku Canada anatulutsa ASTRONOMER, odwala 269 ocheperako zaka, pafupifupi theka la iwo obadwa ndi vavu ya tizikopa tiwiri m'malo mwa titatu, imene imauma msanga. Palibe chinasintha. Anthu oposa 2,000 anamwa mapiritsi kwa zaka, ndipo vavu sinamve.

Apa ndi pamene ndinaima n'kudzifunsa: kodi kalulu anawapusitsa, ngati Kalulu wa m'nthano za agogo? Ndikuona kuti ayi. Tiyeni tibwerere ku labotale tione funso limene anafunsidwa. Akalulu aja anali aang'ono ndi athanzi. Cholesterol wawo anakwezedwa kufika pamlingo umene wodwala wamba safikapo. Mankhwala anayamba tsiku limodzi ndi chakudya choipacho. Ndipo pa masabata 8 aja mavavu awo anali atangoyamba kusintha, sanali opanikizika. Funso linali lakuti: ukamathira mafuta ochuluka pa vavu yatsopano, kodi statin angachepetse kuwonongeka koyambirira? Kalulu anati inde, ndipo sananame. Koma kuchipatala funso linali lina: bambo wazaka 68 amene vavu yake yakhala ikuuma zaka 20, ili kale ndi miyala, kodi statin angaimitse? Funso limenelo kalulu sanafunsidwepo. Ife aphunzitsi timazidziwa bwino izi. Mwana amalemba yankho lokongola la tsamba lonse, koma la funso limene silili papepala. Kusiyana kwake n'kwakuti apa wosokoneza mafunso anali wochonga.

Chenjezo linalipo kwa wofuna kuliona. Mu 2003 gulu la ku Quebec, la Marie-Claude Drolet ndi anzake, linapeza kuti khomo la vavu ya kalulu linachepadi pamene pa cholesterol anawonjezerapo vitamini D wochuluka kwambiri, amene amasokoneza kashiamu m'thupi. Mafuta okha sanakwanitse m'masabata amenewo. Masiku ano akatswiri ambiri amawagawa matendawa pawiri: chiyambi, pamene mafuta ndi kutupa zimayatsa moto, ndi gawo lachiwiri, pamene kashiamu amaumitsa vavu, vavu youma imavulala kwambiri potseguka, kuvulalako n'kuitana kashiamu wina. Gawo lachiwiri likayamba limadziyendetsa lokha, ndipo odwala amafika kwa dokotala ali m'gawo limenelo.

Tsopano mbewa, za mu labotale, osati zathu zapampani. Mbewa ili ndi ubwino umodzi waukulu: akatswiri amatha kuchotsa kapena kuika jini imene akufuna. Ndikunena majini a mu bayoloji, anzanga, osati aja amatulutsa asing'anga. Mbewa wamba sidwala mitsempha chifukwa cholesterol wake wambiri ndi wa mtundu wabwino wa HDL. Mu 1992 magulu awiri, la Nobuyo Maeda ku North Carolina ndi la Jan Breslow ku New York, anapanga mbewa zopanda jini ya ApoE, ndipo zimenezi zinkadwala mitsempha zokha. Za vavu zinadikira mpaka 2006, pamene Robert Weiss, Donald Heistad ndi anzawo ku Iowa anasunga mbewa za majini awiri osinthidwa mpaka zitakwana miyezi 20, umene ndi ukalamba weniweni kwa mbewa. Pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi vavu yopanikizikadi. Taganizani wophunzira wa digiri yapamwamba akudyetsa mbewa miyezi 20 kuti ziwiri mwa zitatu zimukhumudwitse. Ena sanafune kudikira: mu 2014 gulu la ku Japan linayamba kulowetsa kawaya kudzera mu mtsempha wa m'khosi n'kukanda vavu ya mbewa dala. Imapanikizikadi m'masabata ochepa, koma palibe gogo amene vavu yake inayamba ndi kukandidwa ndi waya.

Ndipo mtima wa mbewa si wa munthu wochepetsedwa. Umagunda ka 500 mpaka 600 pamphindi, wathu ka 70. Khomo la vavu yake silifika mamilimita 2. Kachikopa ka vavu ya munthu, ya nkhumba ndi ya kalulu kali ndi magawo atatu osanjikizana, pamene ka mbewa n'kopyapyala kwambiri moti magawowo saoneka bwino. Palinso msampha wina umene aphunzitsi a mapulakitiko angaukonde. Mbewa zakuda zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri zili ndi timadontho takuda tachibadwa pa mavavu awo, ta melanin yemwe uja wa pakhungu lathu. Mankhwala ena oyezera kashiamu pa maikulosikopu amapereka mtundu wakuda womwewo. Wosasamala akhoza kulengeza matenda pamene palibe.

Komabe ndisaichitire mbewa chipongwe, chifukwa ndi imene inathandiza kumasulira chimene chinachitikira statin. Gulu la ku Iowa lija linagwiritsa ntchito mbewa zina zotchedwa Reversa, zimene cholesterol wake ungathe kumutsitsa nthawi imene wafuna, ngati kuzimitsa switchi. Mu 2009 anaonetsa kuti ukazimitsa msanga, matenda atangoyamba, vavu imapulumuka. Pambuyo pake anaona kuti ukazimitsa mochedwa, vavu itauma kale, siyambanso kugwira ntchito bwino. Ndiye mbewa itafunsidwa funso la kuchipatala inayankha ngati anthu a mu SEAS. Kungoti inafunsidwa mapiritsi atamwedwa kale. Atatembenukira ku gawo lachiwiri, a ku Edinburgh anayesa mankhwala awiri a matenda a mafupa, denosumab ndi alendronate, poganiza kuti ngati vavu ikumanga fupa, mankhwala a mafupa angaisinthe. Zotsatira za mu 2021 zinali zomwe zija: vavu sinamve.

Gawo limene landikhudza kwambiri ndi ili. Mu 2013 George Thanassoulis ndi anzake anasiya nyama n'kufunsa anthu mwachindunji. Anajambula mitima ya anthu pafupifupi 7,000 n'kufufuza majini awo kuti aone ngati pali jini yoyenda ndi kashiamu wa pa vavu. Inatulukira imodzi yoonekeratu, imene imalamula kuchuluka kwa kanthu kena ka m'magazi kotchedwa Lp(a). Kameneka ndi LDL wokhala ndi pulotini ina yomatirira, ndipo kamanyamula mafuta owonongeka amene amatupitsa minofu. Kuchuluka kwake munthu amabadwa nako, chakudya sichisintha kwenikweni, ndipo statin sakatsitsa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ali nako kochuluka, ndipo anthu akuda ochokera ku Africa, tikawatenga onse pamodzi, ali nako kochulukirapo kuposa azungu. Kanalipo kale pamndandanda wa mu 1997 uja, koma maso onse anali pa LDL.

Tsono mvetserani. Kalulu alibe Lp(a). Mbewa ilibe, khoswe alibe, nkhumba ilibe. Kamapezeka mwa anthu, mwa anyani a ku Africa ndi ku Asia, ndi mtundu wina wake mwa kanungu wa ku Ulaya. Zaka zonsezi akatswiri ankafunafuna wakuba m'nyumba imene wakubayo sanalowemo. Choseketsa n'chakuti kalulu yemweyo ndi amene anatithandiza kukadziwa. Mu 1963 Kåre Berg wa ku Oslo m'dziko la Norway anabaya akalulu mafuta a m'magazi a munthu, ndipo chitetezo cha m'thupi mwa akaluluwo chinalozera kanthu kachilendo kamene kanali mwa anthu ena. Chinali Lp(a). Kalulu anatiuza kalekale kuti ichi ine sindichidziwa. Nyani amene amatibera chimanga m'dimba ali pafupi ndi ife pankhaniyi kuposa mbewa ya madola ambirimbiri, koma nyani amakhala zaka zambiri, ndi wodula kusunga, ndipo anthu ambiri, ine ndemwe, sangakondwe kumuona akudwalitsidwa dala. Chimene achita n'kuika jini ya munthu mu mbewa ndi akalulu. Mankhwala atsopano otsitsa Lp(a) apangidwa ndipo akhala akuyesedwa mwa anthu.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene nyama zinathandiza popanda mkangano, ndipo imayambira kwa wogulitsa nyama, ngati phunziro lathu la Fomu 3. Kale, kuika vavu yatsopano kunkafuna kutsegula chifuwa ndi kuimitsa mtima, ndipo okalamba ambiri ofooka ankabwezedwa kuti sangapirire. Mu 1989 dokotala wa ku Aarhus m'dziko la Denmark, Henning Rud Andersen, anaganiza zopinda vavu n'kuilowetsa kudzera mu mtsempha. Anapinda mawaya ndi manja, n'kusokererapo mavavu ochokera m'mitima ya nkhumba yogula kubutchala, ndipo pa 1 May chaka chomwecho anaika yoyamba mu nkhumba yamoyo. Inagwira ntchito. Magazini akuluakulu a zachipatala anakana kusindikiza, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1992.

Amene anafikitsa ntchitoyi kwa munthu ndi Alain Cribier wa ku Rouen m'dziko la France, ndipo njira imene anatsata ndi imene ndikufuna ana athu aimve. Iye ankadziwa kuti nkhumba ndi nkhosa zili ndi mavavu ofewa, pamene odwala ake ali ndi mavavu a miyala. Funso lakuti kodi kachitsulo kangatsegule vavu ya miyala n'kukhazikika sanalifunse nyama. Anapita nalo kumotchale, cha mu 1993 ndi 1994, n'kukayesa pa mavavu a anthu omwalira ndi matendawa. Kanatsegula, ndipo miyala yomweyo ndi imene inkakagwira kuti kasasunthe. Nkhosa anazifunsa funso lawo: kodi vavu yopindidwa ingayende mu mtsempha, n'kutambasuka, n'kumatseguka ndi kutseka kwa miyezi? Mu nkhosa vuto linali lakuti vavu yatsopano inalibe pogwira, popeza nyamazo zinalibe miyala. Thanzi lawo ndi limene linali chilema cha kafukufuku. Pa 16 April 2002 Cribier anaika vavu yotero mwa bambo wazaka 57 amene madokotala a opaleshoni anali atamukana. Tizikopa take tinali tochokera ku chikopa chokuta mtima wa ng'ombe. Vavu inagwira ntchito. Bamboyo anamwalira patapita miyezi inayi ndi mavuto ena osakhudza vavu. Cribier mwiniwake anamwalira mu 2024, njira yake itathandiza kale anthu ochuluka zedi.

Ndisanatseke, tibwere kumudzi. Zonse ndafotokozazi ndi za vavu ya okalamba. Koma vavu imene imapanikizika mwa ana ndi achinyamata athu nthawi zambiri ndi ina, ya mitral, ndipo chiyambi chake ndi zilonda zapakhosi. Bakiteriya wa Streptococcus wa gulu A akagwira pakhosi osachizidwa, chitetezo cha mwana nthawi zina chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mavavu ake omwe. Zikabwerezabwereza, vavu imachita zipsera, imadontha kapena kupanikizika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapima ana 1,450 m'boma la Lilongwe ndi makina ojambula mtima, ndipo 3.4 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyambirira asakudziwa. Pa sukulu ya ana 600 mutha kuwerengera nokha.

Pamatenda amenewa nyama zavuta kuposa pa ena onse, chifukwa bakiteriyayu kwawo ndi mwa munthu. Mu 2001 gulu la Madeleine Cunningham ku Oklahoma linabaya makoswe a mtundu wa Lewis pulotini ya bakiteriyayo, ndipo ena mwa iwo mavavu anatupa mofanana ndi a anthu. Khoswe ameneyo wathandiza kumvetsa mmene chitetezo chimasokonezekera, ndipo amagwiritsidwa ntchito poona ngati katemera woyeserera sangavulaze mtima. Koma mayankho amene akupulumutsa ana anachokera kwa anthu. Mu 1950, pa kampu ya asilikali ku Wyoming, madokotala anaonetsa kuti penisilini woperekedwa pa zilonda zapakhosi amaletsa matendawa. Ndipo ku Gulu, kumpoto kwa Uganda, ana amene anapezeka ndi zizindikiro zoyambirira anagawidwa pawiri kwa zaka ziwiri, ena akulandira jakisoni wa penisilini masabata anayi alionse, ena ayi. Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2021. Mwa ana 400 osabayidwa, 33 matenda anakula. Mwa 399 obayidwa, anakula mwa atatu okha.

Teremu ikubwerayi mtima wa mbuzi ndikagulanso, ndauza kale wa kumsika uja kuti asadule aorta.